Kanyanja ka m'galasi pakati pa minda ya tiyi

"Ndani mwa inu adaionapo nyanja ya Malawi ndi maso ake?"

Ndidafunsa funsoli m'kalasi la Folomu 3 mu October chaka cha 2023. Mwa ophunzira oposa 60, adakweza manja atatu okha, ndipo mmodzi mwa atatuwo titamufunsitsitsa zidapezeka kuti chomwe adaona ndi mtsinje wa Shire pamlatho wa ku Chikwawa. Kalasi lonse lidafa ndi phwete, koma ine zidandikhudza.

Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera yomwe ili pakati pa minda ya tiyi m'boma la Thyolo. Ana athu ambiri makolo awo amathyola tiyi m'maesiteti, ndipo enanso mwa anawo ankasenza dengu kumsana patchuthi kuti apeze ya fizi. Usipa ndi utaka amazidziwa zitauma kale, zili pamulu kumsika wa Luchenza kapena wa Bvumbwe. Nsomba ya m'nyanja yathu ili yamoyo sadaionepo.

Sabata yomweyo tinkaphunzira za kayendedwe ka nitrogen m'chilengedwe. Mutu umenewu ana amauloweza ngati nyimbo. Amajambula bwinobwino mivi yochoka pa ammonia kupita pa nitrite, kuchoka pa nitrite kupita pa nitrate, koma ukawafunsa kuti ammonia amachokera kuti, onse amayang'ana kudenga. Apa mpamene ndidaganiza zoika thanki yagalasi yosungiramo nsomba m'chipinda chomwe timachitcha labotale, ngakhale muli matebulo awiri ndi kabati imodzi basi. Ndidati ana aone nyanja, aonenso nitrogen.

Ndidasankha mbuna, tinsomba tamitundu yowala tokhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja. Mbuna, utaka ndi chambo zonse ndi za banja limodzi lomwe asayansi amalitcha cichlid. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limeneli, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma la Mangochi mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Salima. Lero mwana wa ku Germany amadya chakudya chamadzulo akuyang'ana mbuna m'chipinda chochezera, pomwe mwana wa ku Thyolo sadziwa n'komwe kuti kuli nsomba yachikasu ngati nthochi yakupsa.

Magalasi ndidakadulitsa ku Limbe, ochindikala mamilimita 10. Thanki yake idali masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu, kutanthauza malita 243 ikadzaza ndendende. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho tebulo la m'kalasi silikadapirira. Owotcherera zitsulo adandipangira choikapo cholimba. Zonsezi zidachitika ndalama ya kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023, moti mtengo womwe adandiuza Lolemba sudali womwewo pofika Lachisanu. Mayi a kunyumba adangondiyang'ana, osanena kanthu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti chete wotereyu amatanthauzanji.

Nsomba sindidakazitenge kunyanja. M'dera la paki saloleza kugwira nsombazi, ndipo ntchito yozigwira kuti zikawetedwe imafuna chiphaso. Ndidapatsidwa ndi bambo ena achikulire a ku Blantyre omwe akhala akuweta mbuna kwa zaka zambiri ndipo zimaswana m'mathanki awo. Mu January 2024 adandipatsa 12, zachikasu ndi zabuluu zamizere. Adayamba kundifotokozera za sefa, koma ine ndidawadula mawu mwaulemu. Mumtima ndinkati mphunzitsi wa Biology wa dipuloma ya ku Domasi angauzidwenso chiyani za nsomba?

Masiku atatu oyamba kudali chikondwerero. Ngakhale ana a kupulaimale ankabwera kudzasuzumira pawindo. Pofika tsiku lachisanu nsomba zidayamba kukhala pamwamba pa madzi, zikupuma mofulumira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tidapeza ziwiri zitafa. Sabata yachiwiri isadathe zidafa zisanu. Chodabwitsa chidali choti madzi ankaoneka oyera mbee, oti munthu n'kumwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zisanu ndi ziwiri zotsalazo ndidazinyamula m'ndowa paminibasi kubwerera nazo kwa eni ake. Bambo aja adayang'ana m'ndowamo, kenako adayang'ana ine.

"Aphunzitsi, paja safunsa adadya phula. Khalani pansi tikambirane."

Zimene adandiuza ndi zomwezija ndimalemba pabolodi chaka ndi chaka. Nsomba imatulutsa ammonia kudzera m'ziwalo zake zopumira komanso m'ndowe, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimaonjezera. M'nyanja madzi ndi ochuluka ndipo pamiyala ndi mumchenga pamakhala mabakiteriya omwe amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Ammonia ndi nitrite ndi poizoni ngakhale atachepa, pomwe nitrate sapha msanga. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira, choncho nsomba zanga zinkasambira m'mkodzo wawo womwe. Ndiponso ammonia amaopsa kwambiri m'madzi opanda asidi, omwe ndiwo mbuna zimafuna.

Ine ndinkaganiza kuti sefa ya nsomba ili ngati sefa ya ufa, yongochotsa zinyalala zooneka. Bambo aja adati ntchito imeneyo ndi yaing'ono. Ntchito yaikulu ya sefa ndi kukhala nyumba ya mabakiteriya, ndipo woweta nsomba amayamba waweta mabakiteriyawo. Adanditsegulira kabati ya pansi pa thanki yawo n'kundionetsa thanki ina yaing'ono yogawidwa zipindazipinda. Adati dzina lake ndi sampu, monga momwe amakaniko amatchulira chiwaya cha pansi pa injini chomwe oyilo amatsikiramo asadapopedwenso kupita kumwamba. Yogula m'sitolo ndi yokwera mtengo, koma munthu atha kumanga yekha.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Madzi a m'thanki yaikulu amasefukira m'bowo lomwe lili chakumwamba, n'kutsika okha m'paipi kupita m'sampu. M'menemo amadutsa zipinda zosefera, kenako pampu imawakankha kubwerera kumwamba kudzera m'paipi ina. Pampu imathira madzi, bowo limachotsa ofanana ndi omwe athiridwawo, ndipo zimangozungulira usana ndi usiku.

Tidayamba ntchito mu February. Ndidamatula galasi lakumbuyo ndi lezala n'kupita nalo ku Limbe kuti akaboole mabowo awiri, limodzi logwira ntchito, lina lapamwamba pang'ono lodikirira tsiku lomwe loyambalo lidzatsekeke ndi zinyalala. Galasi limabooledwa ndi chida chake, pang'onopang'ono, akuthirapo madzi. Musayese ndi msomali. Sampu tidaimanga ndi magalasi otsala, masentimita 80 m'litali, 35 m'lifupi ndi 35 msinkhu. Pomata tidagwiritsa ntchito silikoni, koma apa pafunika kuwerenga zolembedwa pachubu, chifukwa silikoni wa m'bafa amathiramo mankhwala oletsa nkhungu omwe amapha nsomba. Titamata tidadikira sabata yathunthu kuti aume.

M'kati tidaimika magalasi awiri ogawa zipinda zitatu. Loyamba tidalisiyira mpata wa masentimita 3 pansi kuti madzi azidutsa kunsi, lachiwiri tidalimata mpaka pansi koma lalifupi kuti madzi azilumpha pamwamba. Potero madzi sangathe kuzemba, amayenera kudutsa m'zonse zomwe taika.

M'chipinda choyamba tidaikamo siponji ndi masaka apulasitiki a anyezi otsukidwa bwino, kuti zizigwira ndowe ndi zotsala za chakudya. Mnyamata wina adabwera ndi neti yakale ya udzudzu, koma tidaikana. Maneti amenewa amanyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwalawo ndi oopsa zedi kwa nsomba. M'chipinda chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, tidadzazamo zidutswa za njerwa zootcha, mapale a miphika yadothi ndi zitsekerero zapulasitiki za mabotolo zomwe ana adatola pamsika. Njerwa ndi mapale zili ndi timabowo tambirimbiri momwe mabakiteriya amamatirira. M'chipinda chachitatu mudalowa pampu yomwe mlamu wanga wa ku Johannesburg adanditumizira pamodzi ndi timabotolo toyezera madzi. Pabokosi padalembedwa malita 1,000 pa ola, koma ikamakweza madzi mita imodzi mphamvu imachepako. Oweta nsomba amafuna kuti madzi onse a m'thanki azidutsa m'sefa kanayi kapena kuposerapo pa ola, choncho yathuyi idali yongokwanira movutikira.

Tidathira madzi, kuyatsa pampu, ndipo zonse zidayenda. Ndidapita kunyumba ndikuimba mluzu. Usiku womwewo magetsi adazima.

M'mamawa mlonda adandigogodera. "Aphunzitsi, nyanja yanu ija yasefukira." Pansi ponse m'labotale padali madzi, ndipo katoni ya mapepala a mayeso a pakati pa teremu yomwe idali pakona idanyowa theka. A hedi adaima pakhomo atagwira m'chiuno. Adandiuza mosapsatira kuti zikachitikanso kachiwiri, thankiyo ituluka ndipo nkhani ikafika ku komiti ya makolo. Sindidawadandaule. Mapepalawo adasindikizidwa ndi ndalama za makolo omwe amalipidwa malinga ndi makilogalamu a tiyi amene athyola.

Masana ake ndidaika vutoli pabolodi kuti tiliganizire limodzi. Pamwamba pa thanki yathu ndi masentimita 120 kuchulukitsa ndi 45. Izi zikutanthauza kuti madzi akatsika sentimita imodzi yokha, atuluka malita 5.4. Paipi yobweretsa madzi kuchokera kupampu ndidaimiza masentimita 10 m'madzi. Pampu itaima, paipi ija idayamba kukoka madzi chobwerera m'mbuyo mpaka kukamwa kwake kudaonekera, malita 54. M'sampu ndidangosiya malo a masentimita 5, omwe ndi malita 14. Malita 40 otsalawo ndi omwe adakanyowetsa mayeso.

Yankho lidachokera kwa mtsikana wina wokhala kumbuyo yemwe salankhulalankhula. Bambo ake amayendetsa thirakitala kuesiteti.

"Sala, bambo akamakoka dizilo mumgolo ndi paipi, mpweya ukangolowa m'paipimo mafuta amasiya kutuluka. Bwanji tiboole kabowo?"

Tidatenthetsa msomali n'kuboola kabowo papaipi ija, sentimita imodzi kunsi kwa pomwe madzi amalekezera. Tsopano pampu ikaima, madzi amatsika pang'ono, kabowo kamaonekera, mpweya umalowa, kukoka kumatha. Tidatsitsanso madzi a m'sampu kuti pazitsala malo a masentimita 13, pafupifupi malita 36, ndipo tidalemba mzere wofiira pagalasi woti wina asadzaze kupitirira pamenepo. Kenako tidazimitsa pampu dala kakhumi konse, a hedi akuonerera. Sipadagwe ndi dontho lomwe. Aliyense womanga sampu ayese zimenezi asadaikemo nsomba, ndipo kabowoko azikatokosa sabata iliyonse chifukwa ndere imakatseka.

Vuto lina lidali madzi enieniwo. Tiyi amakonda dothi la asidi ndi mvula yambiri, n'chifukwa chake adakhazikika kuno ndi ku Mulanje, ndipo esiteti ngati ya Satemwa yakhalapo kuyambira 1923. Madzi a nyanja ya Malawi ndi osiyana ndi athu. Muyeso wake wa pH umakhala cha m'ma 8, pomwe madzi a pachitsime chathu titawayeza adali pansi pa 7. Mankhwala ake adapezeka pafupi. Ana adatola zigoba za nkhono ndi makoko a mazira, tidaziwiritsa, kuziphwanya, n'kuziika m'kathumba m'chipinda chachitatu. Zigobazi zimasungunuka pang'onopang'ono n'kumachepetsa asidi. Posintha madzi timaonjezera pang'ono soda yemweyu wothira m'therere, koma moyeza, chifukwa kusintha pH mwadzidzidzi kumadwalitsa nsomba.

Kenako idafika ntchito yovuta kuposa zonse, kudikira. Bambo a ku Blantyre aja adandipatsa siponji yakuda bii ya m'sefa yawo, yomwe ndidabwera nayo ili m'madzi a m'thanki yawo kuti ikhale mbewu ya mabakiteriya. Tsiku lililonse tinkathira kachakudya pang'ono m'thanki yopanda nsomba kuti kaole. Ana a makalasi ena ankatiseka kuti a Folomu 3 akudyetsa madzi. Masiku awiri alionse tinkayeza n'kulemba papepala lalikulu lomwe tidamata kukhoma. Ammonia adakwera, kenako n'kuyamba kutsika. Akutsika choncho nitrite adakwera, ndipo adakhalitsa mpaka ena adataya mtima. M'sabata yachisanu ndi chimodzi zonse ziwiri zidafika pa ziro, nitrate n'kuonekera. Mivi ya pabolodi ija tsopano idali mizere itatu yomwe ana adajambula okha ndi manja awo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife nkhonozo tidali nazo m'sampu momwemo.

Nsomba zidabwerera mu May, zinayi poyamba, zina pambuyo, kuti mabakiteriya azichulukana molingana ndi ndowe. Tidaunjika miyala yambiri chifukwa mbuna zazimuna n'zandewu, iliyonse imafuna phanga lake. Timazidyetsa pang'ono, chakudya choti chithe m'mphindi imodzi, makamaka chamasamba, poti mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere ya pamiyala ndipo zakudya zamafuta zimazitupitsa mimba.

Mayesero sadathe. Chichitikireni mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, madzi akumwa pasukulu pathu timathiramo kolorini, ndipo n'zoyenera. Tsiku lina mwana wa Folomu 1 yemwe adali pantchito yosesa adaona siponji yakuda, n'kuichapa ndi sopo m'madzi a m'ndowa yakumwa mpaka idayera. Ankayembekezera kuyamikiridwa. Kolorini amapha tizilombo ta kolera, amaphanso mabakiteriya athu. Nitrite adakweranso, ndipo tidapulumuka chifukwa njerwa za m'chipinda chachiwiri sadazikhudze komanso tidasintha gawo la madzi tsiku ndi tsiku kwa sabata. Lamulo lidalembedwa pakhoma: siponji imafinyidwa m'madzi ochotsedwa m'thanki, popanda sopo, ndipo madzi atsopano amayamba agona m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena kuposerapo.

Mu June idafika chiperoni. Madzi a pamwamba pa nyanja sazizira kwenikweni, amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 28, koma m'thanki yathu m'mawa wina tidapeza 18. Nsomba zidangoti zii m'mapanga, osadya. Ndidagula hita ya mawati 200 n'kuiika m'sampu, ndipo usiku timafunditsa thanki bulangeti. Magetsi akazima nthawi yaitali timayandamitsa mabotolo a madzi ofunda, ndipo ana amasinthana kutunga madzi ndi jagi n'kumathira panjerwa, chifukwa mabakiteriya aja nawonso amafuna mpweya. Loweruka ndi Lamlungu ntchitoyi imagwera ine ndi mlonda, yemwe tsopano amazitcha nsomba zake.

Lachisanu lililonse timachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi kuti nitrate asachuluke, ndipo timakathirira mpiru kudimba la sukulu. Mnyamata wina ataona momwe mpiruwo udabiriwira adafunsa ngati nitrate ameneyu ndi yemweyo wa m'feteleza wa CAN. Ndidamuuza kuti chilembo chomaliza cha dzinalo chikuimira mawu omwewo. Funso lotere sindidalimvepo zaka zonse zomwe ndakhala ndikujambula mivi.

Mu September, ana aja ali Folomu 4, nsomba imodzi yachikasu idasiya kudya ndipo kukhosi kwake kudatupa. Ana adabwera akuthamanga kuti yadwala. Ndidawauza kuti adikire. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi sabata zitatu, osadya, mpaka ana ataswa ndi kukhwima. Tidaipatula ndi kagalasi kuti zinzake zisaivutitse. M'mawa wina, phunziro lili m'kati, idatsegula kukamwa ndipo tiana 11 tidatuluka. M'chipinda mudangoti zii. Mtsikana wa kabowo uja adanong'ona kuti chambo nachonso chimatero, ndiye kuti wogwira chambo chonyamula ana m'kamwa wapha banja lonse.

Adanena zoona. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi n'kupeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu chotheratu, ndipo mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili pachiopsezo choopsa kwambiri. Mitsinje ya kuno ku Thyolo imatsikira ku Ruo ndi ku Shire, sipita kunyanja, koma ndalama zathu zimapitako. Tikamagula kasawala pamsika, timakhala tikulipira munthu wogwira chambo chisadakule.

Kwa aphunzitsi anzanga omwe mungafune kuyesa, langizo langa ndi loti muyambe ndi sefa, nsomba zibwere pomaliza. Funsani omwe adayamba kale. Werengerani malo otsala m'sampu musadathire madzi. Nsomba zikachuluka musakazitaye mumtsinje kapena m'damu la kwanu, gawirani sukulu ina. Ngati thanki yagalasi yakukanikani, ngakhale beseni lalikulu ndi ndowa yodzaza njerwa zitha kuonetsa ana nkhani yomweyi.

Mpiru wa kudimba uja timagulitsa kwa aphunzitsi, ndipo ndalama zake amasunga ndi ana eni ake m'kabuku. Akuti akufuna kudzakwera basi kupita ku Cape Maclear kukaona komwe makolo a nsomba zawo adachokera. Ndalamazo zidakali kutali, koma nditafunsa a Folomu 1 a chaka chino kuti ndani akufuna kukaona nyanja, manja onse adali m'mwamba, ndi la mlonda lomwe, yemwe ankamvetsera pawindo.